Mbale Zimene Nunziata Anatsuka

M'mudzi mwathu muno, belu la maliro likalira anthu ankayamba afunsa kuti wamwalira ndani, kenako n'kufunsa ngati Nunziata wamva. Akamva iyeyo, zonse zinkayenda. Asanamalize n'kumanga mpango komwe anali atagawa kale masiku: lero dengu la chakudya lichokere kwa uje, mawa kwa uje, mkuja kwa uje. Analibe udindo uliwonse, sukulu analekeza ali ndi zaka khumi, koma kwa zaka makumi anayi palibe banja lofedwa lomwe linagonapo ndi njala paphiri pathu pano. Ine Rachele ndikunena zomwe ndinaona ndi maso anga, chifukwa khomo langa n'loyang'anizana ndi lake, komanso ndine ndinanyamula mwana wake Gaetano pa ubatizo. Kuyambira tsiku limenelo timaitanana kuti komare, dzina laulemu la amayi olumikizana chifukwa cha ubatizo, ndipo ngakhale titayambana chotani, sititchulana kuti iwe.

Pa za dengu Nunziata sankaseka ndi munthu. Nyumba yofedwa sikoleza moto masiku atatu. Anansi ndiwo amabweretsa zonse, msuzi wa nkhuku, pasita, buledi, vinyo, mbale, ngakhale nsalu ya patebulo. Ofedwa akadya, mbale zimabwerera m'dengu zili zakuda, wotsuka ndi mwini wake. Mwamuna wanga atamwalira, Nunziata anandipezerera ndikutsukuluza kapu imodzi yokha, n'kundilanda ngati wagwira wakuba. Anati manja a wofedwa ntchito yake n'kupukuta misozi basi. Ndinamukwiyira tsiku limenelo, koma nyengo yozizira yonse ija ndinaidutsa ndi msuzi wake.

Mwamuna wake Saverio anali munthu wochepa mawu koma wouma mutu. Anakhala m'banja zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zitatu, akukangana tsiku ndi tsiku ndipo osagonapo kosiyana. M'mwezi wa Novembala, azitona atakhwima, Saverio anapita kumunda ndi makwerero ake. Anamupeza masana atakhala pansi pa mtengo, atatsamira thunthu, chipewa chili kumutu. Mtima unangoima.

Ife tinasokonezeka, chifukwa wogawa masiku ndiye anali wofedwa. Tinakumana kwa Filomena, mnansi wathu wapakamwa pakuthwa, n'kugawana m'mene tinathera. Tsiku loyamba linagwera ine. Ndinapha nkhuku yonenepa kuposa zonse m'khola langa. Koma pofika ndi dengu, ndinamva fungo la khofi ndidakali pamasitepe. Nunziata anali atakoleza moto, maliro ali m'nyumba, ndipo ankazungulira ndi thireyi kuperekera khofi kwa anthu odzamupepesa. Anthu ankalandira makapu aja akuyang'ana pansi.

M'mawa mwake ndinapeza dengu langa pakhomo panga. Mbale zonse zinali zotsukidwa, zopukutidwa, nsalu itapindidwa bwinobwino. Kwathu kuno wofedwa akakubwezera mbale zotsuka ndiye kuti wakuuza kuti sakukufuna. Za Filomena zinabwereranso zikuwala, za tsiku lachitatu chimodzimodzi.

"Mwaiona mfumukazi yanu?" anatero Filomena tili pa mpopi. "Msuzi wathu ife ndi wa agalu, eti? Zaka zonsezi wakhala akutidyetsa, kani amangofuna kutikhala pamutu."

Sindinamutsutse. Zinandipweteka kwambiri, sindibisa. Ndinati maliro n'kulirana, ngati iye safuna kuliridwa, zake zimenezo. Ndinatha masabata awiri osaponda pakhomo pake, chonsecho kuchoka panga ndi mapazi khumi okha. Mpaka lero ndimachita nazo manyazi.

Gaetano amagwira ntchito ku Torino, mzinda wakutali wa kumpoto, ndipo atatha sabata imodzi anayenera kubwerera. Asananyamuke anabwera kwa ine nkhope ili yakugwa. Anati mayi ake sakudya, amangokolopa ndi kuchapa zinthu zoyera kale. Azitona akuyoyokera pansi, amuna a m'mudzi anadzipereka kukathyola koma mayi anawabweza. Anati adzabweranso pa Misa ya masiku makumi atatu, ndipo akadzawapeza ali chomwecho, nyumba adzaitseka n'kuwatenga. Chipinda anali atachikonza kale m'maganizo, pa nsanjika yachisanu. Ine ndi mkwiyo wanga ndinangoti ndamva.

Chimene chinandigwetsa ndi siketi. Tsiku lina ndili pazenera ndinamuona akuyanika zovala, siketi yakuda ija ataimanga m'chiuno ndi chingwe kuti isagwe. Anawerama kuti anyamule ndowa, ndowa inakana. Ndinakumbukira azimayi atatu a m'mudzi muno amene ana awo anawatengera kumatauni a kumpoto. Mmodzi yekha ndiye anaona Pasaka wachiwiri. Ndinachita mantha, ndinaika nyemba pamoto, ndipo zitapsa ndinalowa m'nyumba mwake osagogoda. Ndinamupeza akukwecha tebulo.

"Komare, khalani pansi mudye."

"Siyani pamenepo, ndidya nthawi ina."

"Nthawi ina yake iti? Mwana wanu akubwera ndi masutikesi. Mukufuna mukakhale m'mwamba ngati nkhunda, kumawerenga magalimoto pazenera?"

Anangopitiriza kukwecha. Ndinamulanda chiguduli. Analimbana nane pang'ono, koma mphamvu analibe, moti anangodzigwetsa pampando. Anayang'ana manja ake.

"Saverio ndinamutuma kumunda ndine, komare," anatero. "M'mawa uja anandiuza kuti pachifuwa pakumulemera. Ine ndinati umenewo ndi ulesi, mvula ikubwera, azitona awola. Chipewa ndinamupatsa ndi dzanja langali. Ndiye ndikhale pansi anthu azindiphera nkhuku? Pa ntchito yabwino iti imene ndagwira?"

Mawu okoma ine sindiwatha, amenewo ndi a wansembe. Ndinangonena zomwe ndimadziwa.

"Saverio anakumveranipo liti? Fodya munamuletsa kuyambira tsiku la ukwati, anasiya? Mukanati agone, akanatulukira pazenera ndi makwerero ake. Musadzipatse ulemerero, komare, munthu uja sankatumika."

Anandiyang'ana ngati andimenye. Kenako anaseka kamodzi, ndipo kuseka kuja kunathera m'kulira. Chimwalirire Saverio anali asanagwetse msozi, ngakhale kumanda. Analira mpaka nyemba zinazizira, ine ndikulira naye, wanga ndi wake omwe. Ndinazitenthetsanso, anadya theka. Atatha anagwira mbale kuti apite nayo kosinki, ine n'kuigwira mbali inayi. Tinakokana kanthawi, azimayi awiri a zaka zoposa makumi asanu ndi awiri, mpaka iye anataya. Ndinadutsa nayo mumsewu poyera, msuzi uli mbwee, kuti Filomena aione bwino ali pakhonde pake.

Madzulo omwewo tinagawana masiku, ulendo uno onse asanu ndi awiri a sabata iliyonse, osati atatu okha. Tinagwirizana kuti wobweretsa dengu asamangosiya pakhomo, azikhala pansi n'kudya naye. Filomena anang'ung'udza kuti iye sakakamiza munthu kudya, koma ndiye anayamba kusankha tsiku, Lachitatu. Ena amene anabwera anali ana a anthu omwe Nunziata anawadyetsa kalekale, ine nditaiwala n'komwe. Kupatsa n'kuika, akulu sananame.

Loweruka amuna khumi ndi anayi anapita kumunda kwa Saverio ndi maukonde oyala pansi pa mitengo ndi makwerero. Mkazi wamasiye sayenda mwezi usanathe, koma Nunziata anati munda si msika, anapita. Anakhala pa bokosi n'kumawakalipira kuti akuthyola nthambi. Pa mtengo umene anapezapo Saverio anawauza kuti athyole pomaliza, ndipo atafikapo iye anatembenukira kwina. Mafuta anatuluka ochepa chaka chimenecho, chifukwa azitona ambiri anali atawolera pansi.

Ndisanamize munthu kuti anachira. Masiku ena ankadya bwino, masiku ena ankangogwira supuni n'kuisiya. Nthawi zina unkamupeza wayala mbale ziwiri patebulo, waima akuziyang'ana. Thupi silinabwerere, chingwe chija chinali chikadali m'chiuno, ndipo masiku a Misa ankayandikira. Ine usiku tulo sitinkabwera bwino poganizira zenera lake litatsekedwa.

Gaetano anabweradi, ndi masutikesi awiri opanda kanthu. Misa itatha tinasonkhana m'nyumba, azimayi asanu ndi awiri a masiku aja tili m'mbali mwa khoma. Gaetano anawayang'ana mayi ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo ndinaona kuti sanakhutire.

"Amayi, ndiuzeni zoona pamaso pa anthuwa. Mungathe kukhala nokha?"

Mulungu andikhululukire, mumtima ndinkapemphera kuti aname. Tonse tinkamudziwa Nunziata, munthu amene sanapemphepo ngakhale mchere kwa mnansi. Kunena kuti angathe kukanakhala kosavuta kwa iye.

"Sindingathe, mwana wanga," anatero.

Gaetano anapumira m'mwamba n'kuwerama kuti atenge sutikesi.

"Siya zimenezo, sindinamalize. Moto ndimaiwala kukoleza. Masiku ena kudya ndimaiwala. Ku Torino iwe ndi mkazi wako mumachoka m'mamawa n'kubwera kutada, ndiye ndikaiwala kumeneko andikumbutse ndani? Kuno Lolemba ndi la komare Rachele. Lachitatu ndi la Filomena, msuzi wake ndi wamadzi koma sajomba."

"Wamadzi, koma mbale mumaipukuta ndi buledi," anatero Filomena.

Nunziata anapitiriza kutchula masiku onse, lililonse ndi mwini wake, mpaka Lamulungu. Anatchulanso amene amamuwazira nkhuni ndi amene amamuperekeza kumanda. Ndinamuonapo mayi ameneyu akusambitsa maliro amene ena ankawaopa, ndinamuonapo akusenza dengu m'chipale chofewa chofika m'mawondo. Koma sindinamunyadirepo ngati tsiku limenelo, pamene anavomera pamaso pa ife tonse kuti payekha sangathe.

Gaetano anatembenukira kwa ine. Ndi mwana wabwino, ankafunadi kudziwa. Anandifunsa kuti zimenezi tichita mpaka mwezi uti, poti anthu amatopa. Ndinamuuza kuti za mwezi sitinapangane, ndipo amene adzatope adzapeza womulowa m'malo, monga zimakhalira nthawi zonse. Anayang'ana azimayi aja mmodzimmodzi. Palibe amene anayang'ana pansi.

Ananyamuka Lamulungu m'mawa, yekha. Nunziata analira pachipata atamugwira mkono, chifukwa mwana ndi mwana, ndipo kusapita naye sikunali kosapweteka. Asanalowe m'galimoto, Gaetano anabwera kwa ine, anachotsa kiyi wa nyumba ya mayi ake pa mpukutu wake n'kundiika m'manja. Anati ndikadzaona zenera lisanatsegulidwe dzuwa litakwera, ndisadzagogode.

Papita zaka zitatu. Kiyi uja ndamugwiritsa ntchito kawiri kokha, ndipo maulendo onse awiri ndinamupeza ali moyo, atakhala pabedi akulira. Ndinatsegula zenera, ndinakoleza moto, anadzuka.