Pano Aliyense Amapita

Bambo anga anayamba kunditchula kuti adokotala ndili Sitandade 5, chifukwa tsiku lina ndinawazula minga kuphazi ndi pini osanjenjemera. Kuyambira pamenepo dzina langa lenileni linaiwalika pakhomo. M'mawa uliwonse moni unali umodzimodzi: "Adokotala, mwadzuka bwanji?" Alendo ankaseka kumva munthu wamkulu akupereka ulemu wotere kwa kamtsikana kamamina, koma ine ndinkadzimva kwabasi.

Tsoka lake, akusukulu ya udokotala sankaidziwa nkhani ya mingayo. Anandikana nditamaliza sekondale, anandikananso nditamaliza digiri ya bayoloje. Chifukwa chake sichinali chobisika. Malikisi anga a kemisitiri anali ongokwawa, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga akanaona zimenezo pa pepala.

Nthawi imeneyo bambo anali atakhala ku Nairobi zaka zisanu ndi zitatu, akugwira ntchito ku bungwe lina lalikulu la mayiko ambiri. Anandiimbira foni. "Adokotala, bwerani kuno mudzawonjezere maphunziro. Mukatero adzakukananinso ndani?" Anali atatsala zaka ziwiri kuti apume pa ntchito, ndipo tonse tinkadziwa kuti mphamvu zondiphunzitsa zithera pomwepo. Mwayi unali umodzi wokha, ndiye chofunika chinali kusankha bwino.

Ndinafika ku South C kumene ankakhala, n'kuyamba kuyendayenda ndi mapepala anga m'matatu, maminibasi akumeneko. Ndinapeza malo awiri. Oyamba anali kakoleji kena ku Utawala, kuseri kwa malo okonzera matayala. Kankaphunzitsa chaka chimodzi chokha: kemisitiri kuyambira pachiyambi, ndi mmene thupi la munthu limagwirira ntchito. Mayi wina wophunzitsa kumeneko anayang'ana mapepala anga, n'kuika chala pa kemisitiri ngati akudina chithupsa. Anati bala langa lili pamenepo, ndipo amene amasankha ophunzira udokotala sayang'ana kwina. Anawonjezera kuti kwa iwo munthu amatha kulephera, ndipo sapepesa. Ndinatuluka nditamuda mayiyo.

Malo achiwiri anali cha ku Karen. Kapinga wometedwa bwino, maluwa, mlonda wopereka sawatcha. Ankapereka digiri yachiwiri ya dzina lalitali loti munthu ankapumira pakati politchula, zautsogoleri ndi kayendetsedwe ka zaumoyo m'mayiko onse. Labu kunalibe. Kemisitiri sankamutchula n'komwe.

Nkhaniyi inakaweruzidwa Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi, kunyumba kwa amalume a ku Karen. Sanali abale athu ayi. Ku Nairobi Mmalawi aliyense wa imvi ndi galimoto yaikulu ndi amalume. Awa ankatchedwanso Dokotala, koma udokotala wawo unali wa zachuma, jakisoni sanamugwirepo chibadwire. Izi sizinawaletse kukhala katswiri wa nkhani yanga. Anamvetsera atatsinzina, manja ali pamimba, kenako anaseka.

"Achimwene," anatero kwa bambo, "mwana wa digiri akabwereze za Folomu 4? Ku Utawala, kufumbi kuja? Ndiye kumudzi mukanena kuti akuphunzira chiyani? Masiku ano nkhani ndi packaging, achimwene. Pepala likhale lolemera. Akangoona masitazi, amutsegulira chitseko okha."

Bambo anagwedeza mutu ngati akumva ulaliki. Palibe anafunsa kuti amalumewo anaonapo ndani akulowa udokotala mwa njira imeneyo. Inenso sindinafunse, ndinali kalikiliki ndi nyama yowotcha.

Pano ndiyenera kunena za Chiswahili cha bambo anga. Zaka zonsezo sanachiphunzire, chifukwa ankakhulupirira kuti anabadwa akuchidziwa. Ankati Chiswahili ndi Chichewa chaulesi basi. "Nyama ndi nyama, moto ndi moto, mvula angochotsapo chilembo chimodzi. Ndikaphunzire chiyani pamenepo?" Kumsika ankalankhula Chichewa mokweza, ogulitsa n'kumawapatsa zimene aloza ndi chala, iwo n'kubwera kunyumba akunyadira kuti amvana.

Lolemba lake tinapita ku sukulu ya kapinga ija. Wolembetsa ophunzira anali bambo wa tayi yonyezimira, foni ataipana pakati pa khutu ndi phewa. Bambo anga anakhala mwaulemu, chipewa pabondo, n'kufunsa m'Chingerezi funso limodzi lokha limene linali lofunika: mwanayu akamaliza pano, adzapita ku sukulu ya udokotala?

Sindikhulupirira kuti mkuluyo anamva funso lonse. Anamva bambo wodera nkhawa mwana wake, monga onse amene ankakhala pampando umenewo. Anatseka foni ndi chikhatho, n'kuyankha m'Chiswahili mwachizolowezi: "Atapita tu, mzee. Hapa kila mtu anapita."

Nkhope ya bambo inawala. Ananditsina pamkono. "Mwamva, adokotala? Akuti mudzapita. Akuti pano aliyense anapita!"

Ndinamva, ndipo ndinamva bwino kuposa iwo. Milungu ingapo m'mbuyomo, ndikuchokera ku Utawala kuja, mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi m'matatu analandira foni n'kuyamba kukuwa kuti, "Amepita! Amepita!" misozi ili mbwembwembwe. Ine mwa Chimalawi changa ndinadziwa kuti kwagwa zovuta, munthu wapita. Ndinamugwira dzanja n'kumupepesa. Matatu yonse inafa nacho chiseko. Kondakitala ndiye anandimasulira kuti mwana wa mayiyo wakhoza mayeso. Kupita kwa Chiswahili chakumeneko ndi kukhoza. Choncho mkulu wa tayi uja sanalonjeze kuti ndidzapita kulikonse. Anangoti ndidzakhoza, poti pa sukulu yawo aliyense amakhoza. Munthu wanzeru akamva sukulu ikudzitama motero amatenga chipewa chake n'kutuluka.

Ine ndinakhala chete. Ndakhala ndikufuna chifukwa chomveka bwino cha kukhala chete kumeneko, monga kuti sindinafune kuchititsa bambo manyazi pamaso pa mlendo. Bodza. Ndinkaopa kemisitiri, ndinkaopa chala cha mayi wa ku Utawala, ndipo mawu akuti aliyense amakhoza anandikomera kuposa mmene kupita kunawakomera bambo. Ndinatenga cholembera n'kusaina.

Zaka ziwiri zimene ndinakhala pa sukuluyo sindizilakalaka. Tinkalemba za masomphenya, za ndondomeko, za kulimbikitsa kuthekera kwa anthu akumudzi amene sitinawaonepo. Tinkaimirira kutsogolo ndi zithunzi zamivi yoloza mabokosi, anzathu n'kuwomba m'manja. Ndinaphunzira kulankhula mphindi makumi awiri osanena kanthu, luso limene amalume a ku Karen analiyamikira kwambiri. Botolo la mu labu sindinaligwire ngakhale limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma nyererezo ndinkaziona tsiku ndi tsiku n'kumadyabe.

Mkulu wa tayi sananame. Tonse tinakhoza, ngakhale bambo wina amene ndinamuona m'kalasi katatu kokha. Tinavala magauni, tinajambulitsa pa kapinga. Amalume analankhula pa phwando, nanena kuti iwo ndi amene anaona patali. Bambo anatumiza zithunzi kwa abale onse kumudzi, pansi pake atalemba kuti adokotala atsala pang'ono.

Ndinafunsiranso malo ku sukulu ya udokotala. Yankho lake linabwera Lachisanu masana, ndipo linali lalifupi. Anandiyamikira chifukwa cha digiri yachiwiri. Kenako anati malikisi anga a kemisitiri ndi omwe aja anawaona kale, ndipo palibe chatsopano chimene ndawonetsa pa phunziro limenelo. Chala cha mayi uja chinali chidakali pamalo pomwe anachisiya.

Bambo anawerenga kalatayo kawiri pa foni yanga. M'nyumba munali kale makatoni, poti mwezi wotsatira ankabwerera kumudzi. Sanakuwe. Analowa kuchipinda, n'kutuluka atavala jekete ndi chipewa chija.

"Ndikupita kwa munthu uja," anatero. "Anandinamiza maso ndi maso. Anati mudzapita. Munalipo, adokotala, munamva nokha. Tiyeni mukachitire umboni."

Ndinaima pakhomo. Ndikanatha kuwasiya apite, akakangane ndi mkuluyo m'zinenero ziwiri, abwere akutukwana anthu a ku Nairobi mpaka imfa yawo. Zikanandikomera ine. Koma ndinawaona m'maganizo ataima mu ofesi ija, munthu wa imvi, akusekedwa ngati mmene anandisekera m'matatu, ndipo sindinathe.

"Bambo, sananame. Kupita kwawo kuno ndi kukhoza mayeso. Anati ndidzakhoza basi."

"Mwazidziwa liti zimenezi?"

"Ndinkadziwa tsiku lomwe lija."

"Musanasaine?"

"Eya."

Anavula chipewa, n'kuchiika pa katoni. Anavula jekete, n'kuipinda bwinobwino ngati yoti sadzaivalanso msanga. Ndinadikira kuti andikalipire, ndipo ndinkafuna atatero, koma anangofunsa ngati madzi a tiyi alipo.

M'mawa mwake ndinawapeza pa tebulo akumata katoni ya mabuku. Anadzutsa mutu, nkhope yawo ilibe mkwiyo uliwonse.

"Wadzuka bwanji, mwana wanga?"

Ndinacheuka kuti ndione amene akumulonjera. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu.