Nkhunzi imene a Eneya anakana kufula

Ndimagula ng'ombe m'midzi ya ku Ludzi n'kukagulitsa kwa opha nyama pa Boma. Diso langa linazolowera kuyeza makilo, ndiye ng'ombe zamakolo, zazing'ono zalinundazi, sindinkazipatsa chidwi kwenikweni.

A Eneya ndinawadziwa chifukwa cha nkhunzi yawo yofiira. Iwowa ali mnyamata ankagwira ganyu pa dibi, ndipo khola lawo la ng'ombe 11 linachokera pa msoti umodzi umene anawasiyira atsibweni awo. Ng'ombe iliyonse amadziwa make ndi agogo ake. Katatu konse ndinawapempha kuti andigulitse nkhunziyo, katatu konse anandikaniza akumwetulira.

Mu Julaye ng'ombe yawo imodzi yapangolo inafa. Popanda ngolo manyowa safika kumunda, fodya safika pachigafa. Mayi Luwiza, akazi awo, ananena zimene aliyense akananena: afule nkhunzi yofiirayo, ili ndi zaka zitatu zokha, iphunzira goli msanga. Kunoko ndi momwe timachitira, yaikulu ndi yamphamvu ndiyo imapita pangolo.

Ndinawapeza akukangana pakhola. A Eneya anandikodola.

"Iwe wamasamu, makola umayendamo ambiri. Nkhunzi zosafula zimene umazipeza zimakhala zotani?"

Ndinawerenga m'mutu. Mwezi umenewo ndinali nditalowa m'makola 14. Mwa 14 amenewo, 11 anali ndi tinkhunzi tonyentchera, timene eni ake anatisiya chifukwa sitikanatha kukoka ngolo.

"Ndiye abambo a mathole onse ndi amenewo," anatero. "Chimanga timasunga chikonyo chachikulu kuti chikhale mbewu. Ng'ombe timafula yaikulu. Kenako tizidandaula kuti zamakolo sizikula."

Ndinafunsa chifukwa chake osangotenga nkhunzi yachizungu ku Zambia, monga anachitira a Cyprian oyandikana nawo. Anandikumbutsa kuti chaka cha chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa aja, a Cyprian anakwirira mathole anayi mwa asanu. Make wa yofiirayi anadwala sabata imodzi n'kudzuka, ndipo wabereka kasanu ndi kawiri akudya mapesi okha m'chilimwe. Magazi amenewo akatha, anatero, palibe sitolo yokawagula.

Mayi Luwiza anati zonsezo amva, koma manyowa adzasenza pamutu ndani?

A Eneya anafula kankhunzi kena kakang'ono, n'kusema goli latsopano lopendekera mbali imodzi kuti kafanane ndi inzake yaitali. Ngoloyo imayenda mokhota, imanyamula theka la katundu, ndipo anthu pamsewu amaiseka poyera. Ulendo umene unali umodzi tsopano ndi maulendo awiri. Mayi Luwiza amakwera kumbuyo atatembenuka, ati asaone manyazi.

Sabata yatha ndinagula msoti wamakolo m'dera la mfumu Zulu. Sindinapite nawo pa Boma. Ndinautsekera m'khola la a Eneya kuti nkhunzi yofiira ija iukwere, ndipo tagwirizana kuti ndidzautenge pakatha milungu isanu ndi umodzi.