Anthu Awiri Amene Sankachedwa

Anandilanda bambo, sukulu ndi mudzi. Zonse zinapita m'mawa umodzi, ndisanamere ndevu.

Pano ndimakhala kudziko la azungu, ku Beaumont Leys, kwa mayi aang'ono, anesi, amene ananditengera kuno. Koleji ndinaisiya. Ndimakwera basi kupita ku Oadby, kunyumba yosungira okalamba, kukawasambitsa ndi kuwadyetsa.

Mmodzi wa iwo ndi a Dennis, amene anagwirapo ntchito pa sitima zankhondo ali mnyamata. Masana alionse amaonera filimu yomweyomweyo, ya mkulu wa asilikali a pamadzi a ku Japan. Ndaiona mpaka kuiloweza. Munthuyo anaduka zala ziwiri kunkhondo ali wachinyamata. Anaphunzira ku America, n'kuchenjeza akwawo kuti dziko limenelo asalipute. Sanamumvere. Ndiye iye yemweyo anakonza zokaphulitsa sitima za America zili padoko. Kwawo anamutamanda. Chaka chisanathe, sitima zake zazikulu zinayi zinamira pa nkhondo imodzi.

Chinamupha n'kusachedwa. Uthenga unatumizidwa wonena nthawi imene ndege yake idzafike pa chilumba china. Adani anauwerenga, n'kukamudikira m'mwamba.

"Taona, Yosefe," a Dennis amatero, phala likutsika pachibwano. "Akanangochedwa pang'ono, bwenzi atapulumuka. Munthu wosunga nthawi savuta kupha."

Ine ndimawapukuta pakamwa.

Kwathu ndi kutsidya kwa malire a Mwanza. Mfuti zitayamba, mudzi wonse unkagona kutchire. Bambo anali aphunzitsi. Pamtengo wa mango pasukulu pankalendewera chitsulo cha gudumu la lole, belu lathu. Mbandakucha bambo ankatsogola okha kukaona ngati kuli bata. Kukakhala bwino ankamenya chitsulocho: kawiri, kupuma, kamodzi. Tikamva tinkatuluka kukaphika ndi kutsekulira mbuzi. Sanaphonyepo tsiku. Mayi anawauza kuti azisinthako nthawi. Iwo anati belu ndi belu.

M'mawa umenewo chitsulo chinalira pa nthawi yake. Anthu ananyamuka, mapoto ali pamutu. Mayi anandigwira pamkono, n'kugwiranso mlongo wanga Eneresi.

"Khalani pansi. Si dzanja la bambo anu limenelo."

Panalibe kupuma pakati.

Tinawaona anthu akutsika chitunda. Ana ankathamanga patsogolo. Kenako mfuti. Sizinalire nthawi yaitali.

Dzuwa litapendeka ndinakwawa m'chimanga mpaka kuseri kwa chimbudzi cha sukulu. Bambo anali atakhala tsonga patsinde la mango, malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi, mutu utawerama ngati akuchonga makope. Kunalibe mphepo, koma chitsulo chinkagwedera. Pakhonde la kalasi panali munthu akusuta fodya, mfuti ili pamiyendo. Ndinabwerera chafutambuyo.

Tinayenda kulowera ku Malawi. Eneresi anataya silipasi imodzi, inayo anaigwira m'manja mpaka ku Mwanza. Kumeneko anatilandira tili atatu. Mayi sanandifunse zimene ndinaona, mpaka lero.

Kuntchito, belu la m'chipinda cha a Dennis likalira, ndimayamba ndaima kaye. Ndimamvetsera kupuma kuja. Mabwana amati ndine waulesi.

Mkulu wa ku Japan uja anamupeza m'nkhalango pansi pa mtengo, ali chikhalire pampando wa ndege, dzanja lili pa lupanga, mutu utawerama. Filimu ikafika pamenepo ndimatuluka kukataya zinyalala. Ndikamabwerera, phulusa lake lili pa sitima yaikulu kupita kwawo, anthu atadzaza m'misewu. Phulusalo analigawa pawiri. Munthu amene anamiza anyamata osawerengeka ali ndi manda awiri.

Bambo ankangomenya belu. Sindikudziwa amene anawachotsa pamtengo paja, kapena ngati anawachotsa.

Sukulu ndi mudzi akhale nazo. Andibwezere manda amodzi.