Tinaika Nthochi M'manda a Bambo

Ndinali ndi zaka khumi pamene boti limene bambo anakwera linagubuduzika panyanja. Bambo anali mlimi wa mbatatesi kuno kumtunda, munthu amene madzi ankangowadziwira m'ndowa. Anatsikira ku Metangula ndi matumba awo kuti akasinthanitse ndi usipa, mwera n'kuwapeza pakati pa madzi. Mitembo ina inapezeka, koma wa bambo ayi.

Mwa opulumuka munali Che Saidi, msodzi amene anawakopa kuti ayende ulendowo. Anayamba kubwera kwathu ku Namacula, mumzinda wa Lichinga, Lachisanu lililonse, atamangirira kathumba ka nsomba panjinga. Ankakhala pakhonde atazyolika, akunjenjemera ndi chisanu cha ku Lichinga. Akafunsidwa za bambo, yankho linali limodzi: "Sindinawaone."

Ine sindinkamukhulupirira ngakhale pang'ono. Munthu amene sanaone kanthu amalephereranji kuyang'ana amayi kumaso? Pachitsime azimayi ankanong'ona kuti anakhwimira anzake, ena n'kumati akufuna mkazi wa mwini. Nsomba zake ndinkazikana, ndipo tsiku lina ndinaponyera galu iye akuona.

Kwathu mtembo ukasowa amaika thunthu la nthochi m'manda kuti maliro athe. Koma bambo aakulu, mkulu wawo wa bambo, anakanitsitsa. "Tikaika munthu wamoyo bwanji? Nanga akatulukira mawa? Khasu lisagwe pansi mpaka apezeke amene anaona ndi maso." Amayi anangotsala pakati, si wamasiye, si wapabanja. Kulira sankaloledwa. Minibasi ya chapa ikaima kumsewu ankathamangira panja kukaona otsika. Anaonda mpaka chitenje ankachizunguliza kawiri, ndipo munda wathu wa ku Chimbonila unasanduka tchire.

Lachisanu lina Che Saidi anapeza amayi akuchapa malaya a bambo, oyerayera kale, kuti mwini wake akabwera adzavale. Anatsamiritsa njinga yake pakhoma. Kenako ananditembenukira.

"Mwanawe, kaitane abambo ako aakulu."

Titakhala pansi, Che Saidi analankhula akuyang'ana zala zake. "Ndinanama. Ndinawaona. Ndinawagwira malaya kuti ndiwakoke, koma anandikoleka pakhosi, tonse n'kuyamba kumira. Ndinawaponda pachifuwa kuti andisiye. Anandisiya. Ndinawaona akupita pansi. Wallahi, sadzabweranso."

Bambo aakulu anamulavulira kumapazi. Amayi anagwa pansi ndi kulira kumene anakusunga miyezi yonse ija, mpaka anthu oyandikana nafe anathamangira. Ine mumtima ndinkangoti, si ndinanena? Sabata yomweyo tinaika nthochi, amayi anameta, ndipo mvula itagwa anagwiranso khasu. Che Saidi sanapondenso ku Namacula. Tinamva kuti ngakhale kunyanja anzake ankakana kukwera naye bwato limodzi.

Kwa zaka zambiri ndinkanyadira kuti ndinamutulukira ndili mwana. Inde, anali ndi chobisa, pamenepo sindinalakwe. Chimene sindinkachiona n'chakuti munthu uja akanatha kufa nacho chinsinsi chake, popeza nyanja sichitira umboni. Palibe amene anamugwira kapena kumukakamiza. Anangoona mkazi akuchapira munthu wakufa, n'kusankha kuti tidane naye, bola amayi alire. Ndinene zoona, phazi lija limandiwawabe ndikaliganizira. Koma akanakhala chete kuti dzina lake likhale loyera, amayi akanakalamba akudikira kumsewu.