Kutali Ndi ku Kitwe

Amayi oyandikana nafe nyumba kuno ku Guilleme sadziwa kuwerenga, koma pakhoma pawo pali chithunzi cha amuna atatu amene anapita kumwezi. Anachidula m'nyuzipepala imene wagolosale anawakulungiramo sopo, ndipo amachipukuta fumbi Loweruka lililonse. Lole yochokera ku Chipata ikaima pamsewu, iwo amasiya kuswa mtedza n'kusuzumira kuti aone amene akutsika. Mwamuna wawo anapita kumigodi ya ku Kitwe dziko lino lisanalandire ufulu, ndipo mpaka lero kuli zii.

Chaka chatha wansembe wathu anabweretsa kanema wa ulendo wa kumweziwo kusukulu ya mishoni. Tinatchinga mazenera ndi masaka. Awiri mwa amunawo atayamba kudumphadumpha pamwezi ngati tiana ta mbuzi, tonse tinafa nalo phwete, ena akuti ndi bodza la azungu. Amayiwa ankangoonerera, dzanja lili patsaya. Koma chombo chimene anabwerera nacho kuno chitagwera m'nyanja, atatu aja n'kutuluka akumwetulira, amayi aja anaimirira okha n'kuwomba m'manja ngati akulonjera alendo.

Potuluka anaimitsa wansembeyo. "Abambo, anthuwa ali ndi akazi kwawo?"

"Onse atatu, amayi."

"Ndipo onse anakafika pakhomo?"

"Anakafika."

"Amenewo ndiye amuna," anatero.

Panjira ndinawafunsa ngati sanadabwe ndi kutalika kwa ulendowo. Anayamba akonza kaye duku lawo.

"Mwanangu, kumwezi si kutali, poti anthu akubwerako. Kutali ndi ku Kitwe."