Hatchi imene ndinkakwera ku Dambe

Nditamaliza maphunziro a unamwino ananditumiza ku Dambe. Kwathu ndi ku Kasungu, ndipo mwana wanga wamkazi, amene anali ndi zaka zisanu, ndinamusiya kwa mkulu wanga poti ndinamva kuti kumeneko kumazizira komanso msewu wake umavuta dzinja. Anandipatsa kanyumba kuseri kwa chipatala. Mnzanga wa kuntchito anali ndi banja ku Boma, moti Lachisanu lililonse ankakwera njinga yamoto n'kupita. Ine ndinkatsala, kuchapa zovala zosada n'komwe, kusesa pakhomo poyera kale.

Tsiku lina tikuyeza odwala matenda othamanga magazi, ndinamva phokoso panja. Nditasuzumira ndinaona bambo wachikulire akutsika pa hatchi yofiirira, yoonda, ya banga loyera pamphumi. Hatchi ndinali nditangoiona pa kanema basi. Anaimangirira ku mtengo wa mapeyala n'kudzakhala pamzere ngati wina aliyense.

"Agogo, kodi nyama ija ndi yanu?" ndinawafunsa ndikuwamanga chopimira pamkono.

"Ndi yanga, anesi. Miyendo yanga ndi imeneyo."

Anandiuza kuti anagwira ntchito zaka zambiri pa famu ina kufupi ndi Zomba, yosamalira mahatchi. Famuyo itagulitsidwa, mwini wake anawapatsa hatchi yokalambayi poti panalibe woifuna. Anabwera nayo wapansi mpaka kuno, kugona m'njira. Akazi awo anali atamwalira, ana aamuna ali ku Joni, wamkazi anakwatiwa ku Lisungwi.

"Mukakhala ndi mpata mudzabwere mudzaikwere," anatero. "Ine msana suli bwino, ndiye imangokhala."

Ndinaseka, ndikuganiza kuti akucheza. Koma Lamlungu lotsatira nditachoka kutchalitchi ndinakhala pakhonde mpaka thupi kulema, kenako ndinavala buluku mkati mwa chitenje n'kuyamba kufunsa njira ya kwawo.

Kuseri kwa nyumba yawo kunali mtunda waukulu wa udzu, malo a mudzi wonse, kumene anthu ankadyetsako ng'ombe ndi kutola nkhuni. Tinjira tinkadutsana paliponse. Agogo anamanga pamsana pa hatchi chishalo chakale, chosokedwasokedwa ndi ulusi wa matumba, nandiimika pa chitsa kuti ndikwere. Nditangokhala pamwamba ndinagwira zingwe mwamphamvu.

"Musaikoke choncho," anatero. "Ikamva kuti mukuopa, nayonso imaopa. Wongolani msana, muyang'ane kumene mukupita."

Tsiku limenelo anayenda pambali pathu atagwira chingwe, tinazungulira minda ya mbatata ya kachewere n'kubwerera. Mawa lake ndinkayenda motang'adza m'chipatala, mnzanga mpaka kundifunsa ngati ndagwa.

Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse ndinkapita. Sitinkalankhula zambiri. Iwo ankandionetsa poyenera kutsetsereka, pamene pali maenje a nyerere, ndi kamtsinje kamene hatchiyo inkakonda kumwa. Pamwamba pa mtundawo ndi pomwe foni inkagwira bwino, choncho tikafika ndinkatsika n'kuimba kumudzi.

Tsiku lina mkulu wanga anapereka foni kwa mwana wanga. Anandipatsa moni ngati akulonjera mlendo, kenako ndinamumva akufunsa, "Amayi, ndipite ndikasewere?" Sankafunsa ine. Ankafunsa mkulu wangayo. Foni itaduka ndinakhala pa mwala n'kulira. Agogo anapita kukakonza lamba wa chishalo amene sanali womasuka, ndipo anakhala komweko mpaka nditapukuta m'maso.

"Anga aja atha miyezi isanu osaimba," anatero tikutsika.

Nyengo yozizira itafika miyendo yawo inayamba kutupa, moti sakanathanso kukwera mtunda. Ankandimangira chishalo n'kukhala pa mpando pakhomo, ine n'kupita ndekha. Ulendo wina nkhungu inanditsekera ndili pamwamba, masana dzuwa likanali. Sindinkaona ngakhale mtengo umene unali patsogolo panga. Ndinakokera hatchi kumanja, kumene ndinkakhulupirira kuti ndi kumudzi, koma inakana. Ndinaikokanso, inaima nji. Potsiriza ndinamasula zingwe n'kungogwira ubweya wa m'khosi. Inatembenuka, inatsetsereka pang'onopang'ono njira imene sindinkaidziwa, mpaka ndinamva fungo la utsi. Agogo anali ataima pa msewu ndi ndodo, atafunda bulangete.

"Ndinadziwa kuti ikubweretsani," anatero, n'kuyamba kumasula chishalo.

Patapita milungu ingapo mtima wawo unafooka kwambiri, ndipo kalata yowatumiza ku chipatala chachikulu ndinalemba ndine. Atatuluka, mwana wawo wamkazi anawatenga kukakhala nawo ku Lisungwi. Asananyamuke anandiitanitsa.

"Kumene ndikupita kumatentha, udzu kulibe," anatero. "Ikhale ndi inu."

"Agogo, ine ndine wapantchito. Mawa akhoza kundisamutsa."

"Za mawazo mudzaona. Muziipatsa madeya ndi kamchere."

Ndinaisunga miyezi isanu ndi iwiri, m'khola lomwelo la kwawo. M'mawa ndisanapite kuntchito ndinkakaitulutsa, madzulo kukaitsekera. Masiku oyamba inkaima pa mpanda kuyang'ana kumsewu, osadya. Lamlungu tinkakwera mtunda tiwiri, ndipo ndinayamba kuilankhulitsa, kuiuza za odwala ndi za mwana wanga. Amayi otola nkhuni ankandimva n'kumaseka, koma sindinkasamala.

Agogo anamwalira mvula itangoyamba. Ndinamva patapita masiku anayi, maliro ataikidwa kale, poti mlatho unali utakokoloka ndipo uthenga unachedwa. Chaka chomwecho kalata yanga yosamukira ku Boma inabwera. Ndinali nditaipempha ndekha, chifukwa kumeneko kunali nyumba yokwanira kuti nditenge mwana wanga. Hatchi ndinaisiya kwa mdzukulu wa mlongo wa agogowo, bambo wa ana atatu amene ankalima pafupi, nandilonjeza kuti aisamala.

Ndinadzaionanso kamodzi, nditabwera ndi galimoto ya katemera. Inali pamsika itasenza matumba awiri a kachewere, pamsana pali bala la chingwe. Ndinapempha mwini wake kuti atsitse katunduyo, ndinatsuka balalo n'kupakapo mankhwala amene ndinali nawo m'chikwama. Inanunkhiza dzanja langa pang'ono n'kubwerera ku makoko a nthochi amene inkadya. Dalaivala anaimba belu kachiwiri, ndipo ndinakakwera.