Aphunzitsi Namakhwa ndi Malo a Sabina

Aphunzitsi Fanuel Namakhwa anali munthu wamfupi wa mawu aakulu kuposa thupi lawo, ndipo Chingerezi ankachikonda monga ena amakondera kachasu. Anabadwira m'nyumba za antchito pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Chinakanaka. Makolo awo anali Alomwe amene anawoloka Muloza pothawa mbalamatodya, thabwa limene Apwitikizi ankamenyera anthu m'manja. Kuno anapeza thangata ikuwadikira, ndipo bambo awo anakalamba mpaka kufa akupalira mizere ya mzungu. Fanuel yekha ndiye anapulumukira kumishoni. Anakhoza sitandade sikisi bwino kwambiri, koma masiku amenewo sekondale m'dziko muno munalibe, choncho anangomutumiza kukaphunzira uphunzitsi. Chilonda chimenechi sichinapole. Ankati akamva dzina loti sekondale, nkhope inkachita kusintha.

Sukulu yawo inali ya mishoni, ya zidina ndi denga laudzu, ndipo iwo ndiwo ankaphunzitsa sitandade sikisi. Kaphunzitsidwe kawo kanali kachilendo. Anzawo ankangoti ana aloweze ziganizo n'kumazibwereza onse pamodzi, koma a Namakhwa zimenezo ankanyansidwa nazo. Ankati Chingerezi si nyimbo ya m'tchalitchi yoti aliyense aziyimba mofanana. Lachisanu lililonse masana ankatulutsa ana kupita nawo pansi pa mtengo wa mango, n'kuwagawa m'timagulu, n'kuwaponyera nkhani ya moyo wa pasukulu kuti akangane m'Chingerezi. Kodi n'koyenera kuti ana azilima munda wa aphunzitsi? Kodi wochedwa chifukwa mtsinje wadzaza alangidwe? Mwana akangoti "inde" n'kukhala chete, iwo ankadumpha ngati apondera nyerere, n'kumufunsa ngati pakamwa anasiya kunyumba.

Makolo ena ankadandaula kuti aphunzitsiwa akuphunzitsa ana mwano. Iwo ankangoseka, n'kumati mwano wa m'Chingerezi ndi umene umalembetsa munthu ntchito ku boma.

M'chaka cha 1956 kunabwera uthenga woti mzungu woyendera sukulu adzafika kudzamva yekha ana amene akhoza mayeso olemba. Adzawakhazika m'magulu, adzawapatsa nkhani ya pasukulu kuti akambirane m'Chingerezi, ndipo adzasankhapo mmodzi wopita kusekondale. Malo anali amodzi basi. A Namakhwa sanavutike n'kuganiza kuti malowo ndi a yani, pakuti sukulu yonse inkadziwa kuti ndi a Sabina.

Sabina anali mwana wa mayi Lizzie, amene ankathyola tiyi pa esiteti. Bambo ake anapita ku Joni iye ali wamng'ono, ndipo sanabwerere kapena kutumiza ngakhale bulangete. Mtsikanayu anali wowonda, wosalankhulalankhula panjira, koma akakhala pansi pa mango paja, abale inu, ankasanduka munthu wina. Ankayamba wamvetsera, mutu atapendeketsa, kenako n'kutola mawu a mnzake yemweyo n'kumubwezera mpaka winayo kusowa pogwira. Ukamuuza kuti ateteze chinthu, ankateteza. Ukamutembenuza kuti achitsutse, ankachitsutsa mpaka iwe wekha kuiwala kuti ndi yemweyo anachiteteza. A Namakhwa ankati akamumva, misozi inkalengeza, ndipo ankanamizira utsi wa ndudu yawo.

M'kalasi momwemo munalinso Chester, mlongo wake wa mayi Lizzie, kutanthauza amalume ake enieni a Sabina. Zaka zimenezo sizinali zachilendo kuti mwamuna wometa ndevu akhale benchi limodzi ndi ana. Chester anali atapitirira zaka makumi awiri. Anasiyapo sukulu kukagwira ntchito kufakitale ya tiyi, n'kubwereranso. Masamu ankawadziwa, kulemba ankalemba bwino, koma Chingerezi chikafika pakamwa chinkamulemera ngati mtondo. Ndipo chiyambire imfa ya mkulu wake, Chester ndiye anali mwini mbumba. Kwa Alomwe amalume si munthu wamba. Ndiwo mutu wa banja la mlongo wawo, ndiwo amaweruza za ukwati ndi za maliro, ndipo mtsikana wovinidwa ngati Sabina anali atalangizidwa kuti amalume sawayang'ana m'maso, salankhula iwo asanalankhule, ndipo kuwatsutsa pagulu n'kutukwana mayi ako amene anakubala.

Zonsezi a Namakhwa ankazidziwa. Nanga si iwonso anali Mlomwe, anakulira m'mwambo womwewo? Chaka chonse anali atasamala kuti awiriwa asakhale gulu limodzi. Ndiye chimene chimapsetsa mtima n'chakuti sanalakwitse chifukwa cha umbuli. Chinawalakwitsa ndi dyera.

Patatsala milungu yochepa, anayamba kulota. Anaganiza kuti ngati mzunguyo adzaone magulu onse akuwala, mwina adzachita manyazi n'kupereka malo awiri. Gulu la Chester ndilo linali lofooka. Bwanji osaikamo Sabina kuti awakoke onsewo, ndiponso kuti azikawakonzekeretsa amalume akewo kunyumba? Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Anawaitana onse awiri pa tebulo lawo, Chester ataimirira uku, Sabina atagwada uko, n'kufunsa mtsikanayo ngati pali chovuta kuti akhale gulu limodzi ndi amalume ake. Funso lotero kulifunsa mwini wake ali pomwepo! Sabina anayang'ana pansi nati palibe chovuta. A Namakhwa anamva zimene ankafuna kumva, n'kuwauza kuti azipita.

Ndipo mwanayo anachitadi zimene anatumidwa. Madzulo aliwonse akaweruka, Chester ankakhala pampando pakhonde, Sabina pansi chapatali, n'kumawapatsa amalume ake mfundo zake zonse pa nkhani iliyonse imene anakanganapo chaka chimenecho. Ankawauza poyambira, popumira, ndi mawu otsekera. Sanabiseko ngakhale imodzi. Chester ankaloweza mwakhama, ndipo tisamunamizire, sanali munthu woipa mtima.

Tsikulo linafika kuli chiperoni, nkhungu yozizira ija ya mvula yowaza, phiri lonse litabisika, ana akunjenjemera m'malaya awo opyapyala. Mzunguyo anali wamtali, wachimfine, ndipo zinkaoneka kuti ali ndi sukulu zina zoti afikeko lisanalowe. Magulu oyamba anayesetsa ndithu. A Namakhwa anaima kumbuyo kwa kalasi, manja atapinda, akudikira gulu lomaliza monga munthu wodikira ndiwo zimene waphika yekha.

Nkhani imene gululo linapatsidwa inali ya chikoti, ngati kumenya ana pasukulu kumathandiza kapena ayi. Mtima wa a Namakhwa unadumpha ndi chimwemwe, chifukwa pankhani imeneyi Sabina anali asanagonjepo. Mzunguyo anati ayambe. Koma ana onse a m'gululo anatembenukira kwa Chester, pakuti wamkulu ndiye amayamba. Chester anakhosomola, n'kuyamba. Anati chikoti chimaphunzitsa mwana kubisa zimene sakudziwa m'malo mofunsa. Anati mwana woopa amaloweza lero n'kuiwala mawa. Anati mphunzitsi amene amamenya tsiku lililonse amafika poti sadziwanso amene wamva ndi amene wangoopa. Mawu onsewo anali a Sabina, mpaka popumira pomwe. Mzunguyo anagwedeza mutu, n'kulemba.

Kenako analoza Sabina ndi pensulo, n'kumuuza kuti tsopano iye atsutse zimene mnyamatayo wanena.

A Namakhwa ankadziwa kuti mwanayo angathe. Mfundo zotsutsira anali nazo, iwo omwe anamumvapo akuzinena pansi pa mango. Anamuyang'anitsitsa, akumupempha ndi maso. Sabina anatsetsereka pabenchi, nagwada pansi pozizira paja, nkhope atalozetsa kumbali, n'kunena m'Chingerezi chosalala bwino kuti zimene anena amalume ake n'zoona, ndipo iye alibe choonjezera.

Mzunguyo anaganiza kuti mwanayo sanamve. Anabwereza pang'onopang'ono, mokweza, ngati akulankhula ndi wogontha. Sabina anayankha chimodzimodzi. Palibe mwana anaseka, chifukwa onse m'chipindamo ankadziwa chimene chikuchitika, kupatula munthu mmodzi yekhayo amene anagwira pensulo. Iye anapukuta mphuno, n'kuloza mwana wotsatira.

Atamaliza, a Namakhwa anamuthamangira mpaka pagalimoto, mvula yowaza ikuwanyowetsa. Chingerezi chawo chonse chimene anachisunga zaka zonsezo anachikhuthula pamenepo. Anafotokoza za amalume, za chinamwali, za mfundo zija kuti mwini wake ndani. Anapempha kuti amumvenso mtsikanayo payekha, ngakhale pakhomo la galimoto pomwepo. Mzunguyo anamvetsera mwaulemu, phazi limodzi lili kale m'kati. Anati iye angaweruze zokhazo zimene wamva ndi makutu ake, ndipo kusekondale kukufunika ana oganiza paokha. Kenako anawagwira chanza n'kuwayamikira kuti mnyamata wamkulu uja amuphunzitsa bwino kwabasi.

Malo anapita kwa Chester.

Sabata yomweyo a Namakhwa anapalasa njinga kupita kwawo kwa mayi Lizzie. Anamupeza Chester akukonza mpini wa khasu, ndipo sanazungulire. Anamuuza kuti malowo si ake, iye mwini akudziwa, ndipo ngati ali ndi manyazi awakane. Chester sanakwiye. Anaika mpini pansi n'kuyankha mofatsa.

"Aphunzitsi, ndikawakana sawapatsa Sabina. Mzungu uja analemba kale kuti Sabina salankhula. Awapatsa mwana wa sukulu ina. Ndiye mbumba yanga ipindulanji?"

Zinali zoona, ndipo n'zimene zinawawawa kwambiri a Namakhwa.

Anatembenukira kwa mayi Lizzie, amene anakhala pansi chapatali akusankha nyemba. Anawapempha kuti Sabina abwereze kalasi, adzayesenso chaka chamawa, ndipo iwo adzaonetsetsa kuti zisadzachitikenso. Mayiwo anathokoza kwambiri, n'kunena kuti nkhaniyo anakambirana kale pabanja. Munthu wopita kusekondale amafunika nsapato, bulangete, bokosi, ndi fizi chaka ndi chaka. Manja awo okha sangakwanitse. Sabina ayamba kuthyola tiyi mvula ikangogwa, kuti amalume ake aphunzire. Anati achimwene atero, ndipo akadzamaliza adzawakumbukira onse.

A Namakhwa anafunsa komwe kuli Sabina. Anawauza kuti wapita kumadzi. Anadikira mpaka miyendo kuchita dzanzi, koma mwanayo sanabwere, ndipo anazindikira kuti sabwera iwo akadali pomwepo.

Chester anapita ndithu, atavala nsapato zoyamba m'moyo wake. A Namakhwa anapitiriza kuphunzitsa, pakuti akanachitanso chiyani? Lachisanu ankatulutsabe ana kupita pansi pa mango, koma kudumpha kuja kunatha. Mwana akati "inde" n'kukhala chete, ankangomuyang'ana n'kuloza wina. Anayamba kupsa mtima pa zinthu zazing'ono, choko chothyoka, sileti yosafufuta, ndipo ana amene anabwera pambuyo ankawadziwa ngati mphunzitsi waukali basi. Sankadziwa kuti kwenikweni a Namakhwa ankadzikwiyira iwo eni.

M'mawa wina wa mwezi wa Januwale, tiyi ataphuka, anali kupalasa njinga kupita kusukulu pamsewu wodutsa m'mphepete mwa esiteti. Anakumana ndi mzere wa amayi, madengu kumsana, masaka atamanga m'chiuno poteteza mame. Pakati pawo panali Sabina. Anamuzindikira ndi kupendeketsa mutu kuja. Anatsika panjinga mofulumira mpaka kutsala pang'ono kugwa. Mtsikanayo anapatuka pamzere, nagwada m'mbali mwa msewu, dengu likumukoka kumbuyo. Zala zake zinali zitada kale ndi utomoni wa masamba.

Mawu onse amene anakonza miyezi yonseyo anathawa. Chimene chinatuluka ndi chizolowezi cha m'kalasi. Anamulonjera m'Chingerezi, n'kumuuza kuti aimirire, n'kumufunsa ngati akuwerengabe. Sabina anacheuka kuyang'ana kutsogolo kwa mzere, komwe kunaima kapitawo wa ndodo m'khwapa, ndipo anayankha m'Chinyanja, motsitsa mawu.

"Pepani aphunzitsi, musamandilankhule Chingerezi pano. Akapitawo akamva amati ndikudzikweza, ndiye amandipatsa mzere wakumapeto kopanda masamba."

Anawomba m'manja mwaulemu, nadzuka, nathamangira anzake, dengu likugunda pamsana. A Namakhwa anatsala ataima pamsewu, atagwira njinga. Belu la sukulu linalira patali, ndipo ana a sitandade sikisi tsiku limenelo anadikira nthawi yaitali aphunzitsi awo asanafike.